Nzeru zotchezedwa mobisa ngati kachasu

Dzuwa likangolowa, pamsika wa kwathu kuno ku Nsanje pamayamba kuthwanima timatochi. Mayi wogulitsa makakana ndi mlamba wowamba amaika kake m'mphepete mwa lichero, mnyamata wa kabaza amamangirira kake pahandulo ndi mphira, ndipo ana anga a Fomu 4 amene makolo awo adakwanitsa kugula kanyali ka sola amawerenga mpaka tulo titawagonjetsa. Ife tidakulira koloboyi. Tinkadzuka m'mawa m'mphuno muli bii ndi utsi, ndipo palafini akatha, kuwerenga kunkathera pomwepo. Lero kuwala koyera kwafika ngakhale m'midzi momwe mapolo a magetsi sadafikemo. Chomwe ambiri sitidziwa n'chakuti kababu kali m'tochimo kadatheka chifukwa cha wantchito wina wa ku Japan amene abwana ake adamulembera kuti asiye zomwe ankachita, iye osasiya.

Ndibwereranso kwa munthu ameneyu. Ndiyambe ndi alamu anga, chifukwa ndi iwo amene andikhazika pansi kuti ndilembe nkhaniyi.

Alamu angawa ndi makanika pakampani ina ya zaulimi kuno kuchigwa. Dzina la kampaniyo ndilisunga, pakuti akadali pantchito ndipo ana awo amadya kuchokera komweko. Ntchito yawo yaikulu ndi kusamalira mapampu opopa madzi a mthirira kuchokera mumtsinje. Aliyense wokhala m'mbali mwa Shire akudziwa momwe mtsinjewu wasinthira kuyambira pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, kenako namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Mchenga wochokera kumapiri komwe mitengo idatha wakwirira makwawa, ndipo namasupuni amabwera ngati chilumba choyenda. Payipi yokokera madzi ikakhala pansi, imameza mchenga umene umadya mapiko a m'kati mwa pampu ngati sandipepa. Ikakhala pamwamba, namasupuni ndi zinyalala zimatseka sefa, pampu n'kumangolira osatulutsa kanthu. Sabata iliyonse anyamata ankalowa m'madzi kukachotsa zinyalalazo, mumtsinje womwe tonse tikudziwa kuti muli ng'ona.

Alamu adaganiza zoti kukamwa kwa payipi kuzilendewera pakatikati pa madzi. Nzeru yake inali yosavuta: migolo iwiri yotsekedwa bwino iyandame, kunsi kwake kumangidwe khola la waya, ndipo payipi ilowe m'kholamo. Madzi akakwera, migolo ikwera nawo. Akatsika, itsika nawo. Adakauza kapitawo wawo. Kapitawoyo adayankha kuti mapampuwo adabwera ndi buku lake, ndipo m'bukumo mulibe za migolo. Alamu adapempha kuti nkhaniyo ikafike kwa injiniya. Padatha miyezi itatu kuli zii.

Apa m'pamene adalowa njira yachidule. Nthawi ya nkhomaliro anzawo akapita kokadya, iwo ankatsalira m'shedi n'kumawotcherera. Migolo adaitola pamulu wa zitsulo zotayidwa kuseri kwa shediyo, waya adamudula kumpanda wakale womwe udagwa ndi madzi. Koma ndodo zowotcherera zidachokera kusitolo ya kampani, ndipo pakapepala kotengera katundu adalemba kuti n'zokonzera ngolo ya thirakitala. Loweruka lina, iwo ndi anyamata awiri adakamangirira chipangizocho papampu ya kumapeto kwenikweni, komwe galimoto ya abwana sifikafika. Pampuyo idagwira ntchito masabata 7 osatsekeka, ndipo anyamata adasiya kulowa m'madzi pamalo amenewo.

Chidawaulula ndi kuwerengera katundu. Kalaliki wa kusitolo adapeza kuti ngolo idalembedwa ija sidalowepo m'shedi mwezi umenewo. Alamu adaitanidwa kukayankha milandu iwiri: kulemba bodza pakapepala, ndi kusintha makina a kampani popanda chilolezo. Yonse adaivomera chifukwa inali yoona. Adawaimitsa ntchito masabata awiri popanda malipiro, adawapatsa kalata yochenjeza komaliza, ndipo migolo ija idavuulidwa n'kubwezedwa pamulu pomwe idachokera. Sabata yotsatira anyamata adayambiranso kulowa m'madzi. Pakukambirana konseko palibe adafunsa kuti pampuyo idagwira bwanji masabata 7 aja.

Masiku omwe adali panyumba ndidakawaona. Tidakhala pansi pa mtengo wa nimu, achemwali anga ali kukhitchini osayankhula ndi munthu, chifukwa theka la malipiro a mweziwo lidali litapita, fizi ya mwana wawo wa Fomu 2 isadalipidwe.

"Alamu, inu ndinu ophunzira," adatero. "Tandiuzeni chilungamo. Ine ndidaba kapena ndidathandiza?"

Ndidawayankha kuti adachita zonse ziwiri. Adaseka pang'ono, n'kunena kuti yankho limenelo ndi la aphunzitsi, loti usalakwe mbali iliyonse. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi, ndipo ndapeza kuti funso la alamu lazunguza mitu ya mabwana a makampani akuluakulu padziko kwa zaka pafupifupi 100.

Akatswiri ofufuza za kayendetsedwe ka makampani ali ndi dzina la mchitidwewu. Amautcha bootlegging, mawu omwe poyamba ankanena za anthu ozembetsa mowa woletsedwa atabisa botolo m'jombo. Ife tinganene kuti ndi nzeru zotchezedwa mobisa ngati kachasu. Zimachitika pamene wantchito, makamaka wa kunthambi yofufuza ndi kupanga zinthu zatsopano, ayamba ntchito yomwe abwana sadaivomereze kapena adaikana kumene, pogwiritsa ntchito nthawi ndi zipangizo za kampani, koma cholinga chili chopindulitsa kampani yomweyo. Peter Augsdorfer, amene adayendera makampani a ku Britain, France ndi Germany n'kulemba buku pankhaniyi mu 1996, adapeza kuti zambiri mwa ntchito zoterezi zinkangokonza zinthu zomwe kampani inkapanga kale, ndipo ozichitawo ankafuna kupeza kaye umboni asadapite kwa abwana. Vuto lake n'lomwe lija la alamu. Bwana amafuna umboni asadapereke chilolezo, pomwe umboniwo sungapezeke munthu asadayese.

Tibwerere ku tochi ija. Timababu ta LED tofiira tidayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1960, tobiriwira tidatsatira, koma ta buluu towala mokwanira tidakanika kwa zaka pafupifupi 30. Popanda buluu, kuwala koyera sikukadatheka. Makampani akuluakulu adathira ndalama zambiri pamankhwala otchedwa zinc selenide. Shuji Nakamura, amene adalowa ntchito mu 1979 pakampani yaing'ono ya Nichia m'tauni ya Anan ku Japan, adasankha gallium nitride, yemwe ofufuza ambiri adali atamutaya. Kampaniyo inalibe ndalama zogulira zida zapamwamba, choncho kwa zaka zambiri Nakamura ankadziwotcherera yekha mapayipi a ng'anjo yake, ndipo nthawi zina ng'anjoyo inkaphulika. Mwini kampani, Nobuo Ogawa, adamulola kuyamba kafukufukuyu mu 1988, koma utsogoleri utasintha chaka chotsatira, zinthu zidatembenuka. Malinga ndi momwe Nakamura mwiniwake amafotokozera, adalandira makalata omulamula kuti asiye, iye n'kumawaponya m'bini. M'mawa ankakonza makina ake, masana n'kumayesa, tsiku ndi tsiku. Mu 1993 kampani ya Nichia idalengeza kuti yapanga LED ya buluu yowala kwambiri. Atapaka kababuko mankhwala achikasu, kuwala kudasanduka koyera, ndipo ndi kumene kuli m'tochi, m'foni ndi m'nyali ya sola lero.

Mapeto a nkhaniyi ndi ophunzitsa kuposa chiyambi chake. Kampani idapeza phindu lalikulu, koma Nakamura adapatsidwa bonasi ya mayeni 20 000, ndalama yosafika madola 200. Adasiya ntchito mu 1999 n'kupita kukaphunzitsa ku University of California, Santa Barbara, ndipo mu 2001 adasumira kampaniyo. Mu 2004 bwalo la milandu ku Tokyo lidagamula kuti apatsidwe mayeni 20 biliyoni. Kampani idachita apilo, ndipo mu 2005 mbali ziwirizi zidagwirizana pa mayeni 840 miliyoni. Mu 2014 Nakamura adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano, amene adatsegula njira ya gallium nitride ku Nagoya. Kampani idatsala ndi chuma, koma munthu amene adachibweretsa adachoka ndi mkwiyo.

Nkhani yomwe idawaseketsa kwambiri alamu ndi ya Richard Drew wa kampani ya 3M ku America. Drew adali mnyamata wothandizira mu labu, ndipo ntchito yake inali yoyesa sandipepa m'magalaja opentera galimoto mumzinda wa St. Paul. Nthawi imeneyo galimoto za mitundu iwiri ya penti zinali m'fashoni, ndipo openta ankadandaula kuti pepala lomwe ankamatira pogawa malire linkachoka ndi penti yomwe. Drew adayamba kufufuza tepi yomata koma yosakanda penti. Patatha nthawi popanda zotsatira, bwana wake William McKnight adamuuza kuti abwerere kusandipepa. Drew adapitiriza mwakachetechete, ndipo mu 1925 tepiyo idatheka. Nkhani yomwe imasimbidwa pakampanipo mpaka lero ndi yakuti atamukaniza ndalama zogulira makina, Drew adakumbukira kuti ali ndi mphamvu yogula katundu wosafika madola 100 popanda kupempha, choncho adalemba timapepala tambiri ta madola 99 mpaka zida zidakwana. Mu 1930 munthu yemweyu adapanga tepi yoonekera mkati, mtundu womwe ife timangouti selotepi.

"Ndiye uyu adalemba timapepala tambirimbiri, ine kamodzi kokha," adatero alamu. "Iye adamuimitsa masabata angati?"

Sadamuimitse. McKnight adazindikira kuti akadamvedwa, kampani ikadataya chuma. M'kupita kwa nthawi 3M idakhazikitsa lamulo lolola ofufuza ake kugwiritsa ntchito magawo 15 pa 100 alionse a nthawi yawo pa nzeru zawozawo popanda kupempha. Timapepala tachikasu tomata pakompyuta ndi m'mafayilo m'maofesi mwathu, tomwe tidalowa pamsika mu 1980, tidabadwira m'kampani yomweyo ndi mwa mzimu womwewo. Kampani ya Hewlett-Packard idafika pena. Injiniya wake Chuck House adauzidwa ndi David Packard, mmodzi mwa eni kampani, kuti pobweranso chaka chamawa asadzapeze sikirini yomwe ankapanga ili mu labu. House adafulumiza ntchito, ndipo pomwe Packard ankabweranso sikiriniyo inalidi itachoka mu labu, ili kufakitale ikupangidwa yogulitsa. Idayenda malonda, ndipo mu 1982 Packard adapatsa House mendulo yomuthokoza chifukwa cha kusamvera.

Wina anena kuti izi ndi za kunja, kuno makampani okhala ndi labu yofufuzira ndi owerengeka. N'zoona. Kafukufuku wambiri m'dziko muno ali m'manja mwa boma ndi sukulu za ukachenjede, m'malo ngati Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi Kasinthula kuno ku Chikwawa. Koma kampani yopanda labu si ndiye kuti ilibe ofufuza. Ofufuza ake ali m'shedi, m'galaja, pamakina ochotsa njere za thonje ndi pachigayo. Makina ambiri omwe timagwiritsa ntchito adapangidwira maiko ena, komwe kulibe kutentha kwa Okutobala wa ku Ngabu, fumbi lathu kapena mchenga wa Shire. Sipeya imachedwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Amene amachititsa kuti makinawo apitirize kuyenda ndi makanika ndi wowotcherera, ndipo tsiku lililonse amasintha kanthu kena komwe sikali m'buku. Zikayenda, palibe amadziwa. Zikavuta kapena zikaululika, umakhala mlandu.

Dziko lino lidaonapo kale momwe timachitira ndi nzeru zopanda chilolezo. Mu 2009 apolisi adamanga Gabriel Kondesi, mnyamata wa ku Mulanje amene sadamalize pulayimale, chifukwa choulutsa mawu popanda chiphaso. Wayilesi yake ya Pachikweza adaipanga ndi zidutswa za mawayilesi akale, ndipo anthu a m'dera lake ankaimvera. Khoti lidamulipiritsa K50 000. Nkhaniyo itatuluka m'nyuzi anthu adadandaula kwambiri, ndipo sukulu ya Kaphuka idamupatsa malo oti aphunzire. Thandizolo lidabwera mnyamatayo atagona kale m'chitokosi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo mu 2002 atasiyira sukulu panjira chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, adali ndi mwayi umodzi womwe alamu analibe: zitsulo zomwe ankatola padzala panalibe wozilondera, ndipo iye analibe kapitawo. Komabe anthu ankamuti wapenga, mpaka atolankhani ndi alendo atafika. Zikuoneka kuti kwathu kuno nzeru imayamba yatchedwa misala kapena mlandu, ndipo timaivomera wakunja akaiyamikira.

Tsono ndisakhale ngati loya wa alamu anga. Kampani inali ndi mfundo zake, ndipo n'zomveka. Pampu yaikulu ndi mota yake ndi ndalama zankhaninkhani. Mgolo umodzi ukadabooka usiku, payipi ikadapendekeka n'kuyamba kukoka mpweya, pampu ikadayenda youma mpaka kupsa. Ogulitsa makina ndi a inshuwalansi sakonza mwaulere chinthu chomwe mwini wake adachisintha yekha. Anyamata awiri adathandiza alamu Loweruka lija akadavulala, kampani ikadayankha mlandu wa ntchito yomwe sinkaidziwa. Lamulo lomwe lidamanga Kondesi nalo lili ndi chifukwa chake, pakuti aliyense atamaulutsa momwe wafunira, mawayilesi angasokonezane okhaokha ngakhalenso ndi mauthenga a ndege. Tizikumbukiranso kuti timamva za Nakamura ndi Drew chifukwa adapambana. Amene adawononga chuma cha kampani pa nzeru zosagwira salembedwa m'mabuku. Ndipo m'dziko lomwe lidaona Cashgate mu 2013, bwana amene wapeza bodza pakapepala kotengera katundu sitingamunene kuti ndi wankhanza akakwiya. Wakuba simenti naye amalemba kapepala konama. Akuluakulu adati nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Nanga tisiyanitsa bwanji wofufuza mobisa ndi wakuba? Ine ndaona kuti pali mafunso omwe amathandiza. Chopangidwacho chikatheka, apindule ndani, kampani kapena thumba la wopangayo? Chatsalira pamalo a ntchito kapena chatuluka pageti? Munthuyo akufuna kudzachionetsa kwa abwana pamapeto pake, kapena akufuna chisadzadziwike mpaka kalekale? Chikalephereka, awonongeke ndani? Pa mafunso atatu oyambawo alamu akhoza bwino: migolo inali pamtsinje wa kampani, ikuthandiza pampu ya kampani, ndipo iwo ankadikira kuti miyezi iwiri ikwane kuti akaitane injiniya adzaone. Pa funso lachinayi adalakwa, chifukwa adaika pachiswe makina ndi anthu omwe sadali awo. Chomwe ndikudandaula n'chakuti kampani idaweruza cholakwacho n'kutaya nzeru yomwe pamodzi.

Nkhani ya Nakamura ndidaifotokoza m'kalasi tikuphunzira za madayodi. Sukulu yathu ndi yoyendera, labu tilibe, choncho ndidamasula tochi yakufa kuti ana aone kababuko ndi maso. Nditamaliza, mtsikana wina wa kumbuyo adakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndiye mukutiuza kuti kusamvera n'kwabwino? Nanga bwanji ife tikapanda kumvera mumatipatsa chibalo?"

Kalasi yonse idaseka, koma funsolo lidandilasa. Ndidamuyankha kuti Nakamura sadakane ntchito chifukwa cha ulesi, ndipo ankagwira maola ambiri kuposa anzake. Adali atakhala zaka 10 akuphunzira ng'anjo yake asadayambe kutsutsana ndi abwana. Wofuna kuphwanya lamulo la ntchito ayambe walidziwa bwino lamulolo ndi chifukwa chomwe lidaikidwira, ndipo akhale wokonzeka kulipira zikavuta. Koma ndikuyenda kubwerera kunyumba ndidadzifunsa ngati ife aphunzitsi sitili ngati kapitawo uja. Mwana akapeza yankho la masamu mwa njira yomwe sili m'buku, kangati timamuchonga molakwa? Akabwera ndi kagalimoto ka mawaya kapena kawayilesi komwe walumikiza yekha, kangati timati asiye zoseweretsa awerenge za mayeso? Timaphunzitsa ana kuloweza zaka 12, kenako n'kumadabwa kuti dziko likuitanitsa kunja ngakhale zotokosera m'mano.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika mafakitale ndi ulimi wamakono patsogolo. Kuno kuchigwa tikuona ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, ndipo cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40 000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Tidaonanso mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chigwa chino chili ndi mavuto akeake omwe buku lolembedwa kunja silingawadziwe onse. Makontirakitala akadzapakira zida zawo n'kumapita, zitseko za ngalande, mapayipi ndi mchenga zidzatsala m'manja mwa anthu ngati alamu. Tikawaphunzitsa lero kuti kuganiza kumadula theka la malipiro, tisadzadabwe akadzangoima n'kumayang'ana madzi akuphwa, podikira katswiri wochokera ku Blantyre.

Kwa mabwana a makampani, minda ikuluikulu ndi mabungwe a alimi, pempho langa silofuna ndalama zambiri. Ikani buku m'shedi momwe wantchito angalembe nzeru yake, ndipo pakhale lamulo loti ayankhidwe molemba mwezi usadathe, ngakhale yankholo likhale lokana. Chomwe chidawatumiza alamu kunjira yachidule ndi miyezi itatu ya chete ija. Mulu wa zitsulo zotayidwa ukhale ndi kaundula wake kuti wofuna kuyesa kanthu atenge poyera, ndipo patulani ndodo zowotcherera zochepa ndi maola angapo pamwezi a ntchito yoyesa. Sankhani makina amodzi akale oti aziyeserapo injiniya akuona. Nenani momveka malire osadumphika, monga magetsi amphamvu, mankhwala oopsa ndi chilichonse choika moyo wa munthu pachiswe. Nzeru ikagwira, mwini wake atchulidwe dzina ndipo alandireko gawo la ndalama zomwe zapulumutsidwa, kuti tisabwereze zomwe zidachitika ku Nichia. Ndipo mukagwira munthu atachita mobisa, mlandu wa kapepala uweruzidwe pawokha, chipangizocho chiyesedwenso pachokha.

Kwa anzanga apantchito, phunziro la alamu ndi lowawa koma lothandiza. Pemphani kaye, ndipo pemphani molemba, kope lina musunge. Jambulani chomwe mukufuna kupanga, lembani tsiku lomwe mwayamba ndi zomwe mwaona, chifukwa pabwalo alamu analibe pepala lililonse losonyeza kuti pampu idayenda masabata 7. Musalembe bodza pakapepala ka kusitolo, pakuti bodza limenelo ndi lomwe limapatsa anthu mpata wokana kumva zina zonse. Yesani pomwe kulephera sikungavulaze munthu, ndipo musakokere ana a eni m'ngozi yomwe sakuidziwa. Mabungwe ngati TEVETA ndi National Commission for Science and Technology nawo atsike Thabwa adzafike m'mashedi a kuno. Nzeru za amisiri a kumudzi zisamadikire kuti mwini wake amangidwe kaye kuti zidziwike.

Alamu adabwerera kuntchito. Amafika nthawi yake, amachita zomwe auzidwa, ndipo nthawi ya nkhomaliro amapita kokadya ndi anzawo. Kapitawo akuti asintha, tsopano ndi munthu wabwino. Ine ndikudziwa kuti ali ndi nzeru ina ya momwe angaziziritsire mota m'miyezi yotentha, koma nditawafunsa ngati akauze injiniya, adapukusa mutu n'kunena kuti kalata yochenjeza komaliza imabwera kamodzi.

Mwezi wathawu kalabu ya alimi a mthirira m'mudzi mwawo idawapempha kuti awathandize kapampu kawo ka sola, komwe kankangotsekeka ndi zinyalala. Alimiwo adasonkha ndalama, adagula zigubu ziwiri ndi ndodo zowotcherera pamsika, ndipo alamu adapanga chipangizo chija Lamulungu masana anthu akuonerera. Ulendo uno ndidawapatsa kope la masamba 40 kuti azilemba tsiku lililonse lomwe pampu yayenda ndi lomwe yaima. Pomwe ndikulemba pano masamba anayi adzaza, chimanga cha m'dimbamo chafika m'chiuno. Tagwirizana kuti kopelo likafika pakati, tidzalemba kalata yaulemu yopita kwa injiniya wa kampani, tidzaikamo chithunzi ndi manambala, n'kumupempha kuti adzaone yekha. Achemwali anga akuti tisiye, tingaputenso mavuto. Alamu akuti tidikire kaye chimanga chikhwime, kuti injiniyayo akadzabwera adzamuotchere chiwisi.